Nyumba yanga yoyamba ku Ngabu, ndiyambire pati?

Mphunzitsi Watsopano:
Moni nonse a m'gulu muno. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, koma lero ndabwera ndi yanga. Anditumiza kudzaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Ngabu, ndipo ndafika Lachitatu sabata yatha. Kwathu ndi ku Dedza. Chibadwire sindinakhalepo pandekha, ku koleji tinkagona anthu ambiri chipinda chimodzi, ndiye iyi ndi nyumba yanga yoyamba. Za aphunzitsi pasukulupo n'zodzaza, choncho ndapeza ya lendi: chipinda chogona ndi pabalaza, ya malata, yopanda siling'i. Bafa ndi chimbudzi n'zapanja, timagwiritsa mabanja atatu. Katundu wanga yense ndi matiresi, mbaula, mapoto awiri, ndowa, zovala ndi mabulangete awiri amene amayi anandilongedzera.

Tsiku lija tikutsika phiri kuchokera ku Blantyre, pamakhota paja, ndinaona chigwa chonse chitayalika pansi, Shire akunyezimira, mtima wanga unakondwa. Titaima pa Thabwa, mpweya umene unalowa pawindo unali ngati ndasuzumira mu uvuni wa njerwa. Mpaka lero sunasinthe. Usiku tulo sitikubwera, matiresi amanyowa ndi thukuta. Madzi a pamjigo wapafupi ndi amchere, ndikamwa ludzu silikutha. Mwezi ukatha ndilandira kandalama, koma sindikudziwa choyamba kugula. Chinanso chimene ndikuchita nacho manyazi kuuza a kwathu n'chakuti ndikaweruka ndimangodzitsekera m'nyumba, ndipo misozi imatuluka yokha. Inu eni chigwa, ndithandizeni nzeru.

Mayi a ku Nchalo:
Takulandirani mwana wanga. Mwafika mwezi wovuta, Okutobala sakhululukira munthu ngakhale ife obadwira konkuno. Choyamba, lekani kudzitsekera. Nyumba ya malata masana ndi mphika, munthu sakhala mumphika. Yang'anani anzanu a papulotipo, muona kuti moyo wawo wonse uli pansi pa mtengo wa nimu kapena pakhonde: kuphika pomwepo, kudya pomwepo, kucheza pomwepo. Tengani mkeka mukakhale nawo. Musadikire kuitanidwa, ingonenani kuti "ndabwera kudzapitidwa mphepo", palibe angakudabweni.

Chachiwiri, gulani mtsuko wadothi musanagule china chilichonse. Muukhazike pamchenga wonyowa pakona pamene sipafika dzuwa, muuvundikire ndi mbale. Madzi ake amazizira bwino, mmero umatsitsimuka. Chigubu cha pulasitiki chimangowasandutsa tiyi. Mabulangetewo musawataye, mu Juni ndi Julayi m'bandakucha kumazizirako ndithu.

Mmisiri wa Njerwa:
Aphunzitsi, ine ntchito yanga ndi yomanga, ndiye ndiyankha za nyumbayo. Kutentha kumene kukukuzunzani usiku n'kumene malata ndi makoma anamwa masana onse. Njerwa zimasunga moto, zimayamba kuulavula dzuwa litalowa. Mankhwala ake otchipa ndi mphasa. Kambiranani ndi eninyumba, mugule mphasa za bango zitatu kapena zinayi, wina akukhomereni kunsi kwa mitengo ya denga ngati siling'i, kusiya kampata pakati pa malata ndi mphasazo. Kusiyana kwake mukumva tsiku lomwelo. Muziziyang'anira chifukwa cha chiswe ndi makoswe, ndipo mbaula isalowe m'nyumba. Ngati mawindo ali mbali imodzi yokha mpweya suyenda, pemphani kuti aboole timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma la kuseri, muikepo waya wa sefa.

Koma ndili ndi funso lalikulu kuposa la kutentha. Musanalipire lendi ya miyezi itatu, mwafunsa kuti madzi amafika pati? Yang'anani makoma, anu ndi a oyandikana nawo. Ngati pali mzere wa matope kapena pulasitala wakhukhuluka m'munsi mozungulira nyumba yonse, ndiye kuti madzi anaimapo. Funsani anthu okhalitsa kuti mu Januwale 2015 zinali bwanji pamalopo, nanga nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022, nanga Freddy mu Malichi 2023. Musafunse eninyumba okha, iwo akufuna lendi. Funsani amayi a pamjigo. Komanso dera la Ngabu lili ndi dothi lamakande, lakuda lija. Chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, mvula ikagwa limafufuma. Nyumba ya maziko osaya imasweka makoma chifukwa cha zimenezi. Mng'alu wopita chopingasa kuchokera pakona ya windo kapena chitseko musaunyozere.

Mphunzitsi Watsopano:
Zikomo amayi, zikomo bambo. Ndatuluka ndi tochi kukayang'ana. Mzere wa matope palibe, nyumbayi ili pokwererako, koma mng'alu ulipo pamwamba pa chitseko cha kuchipinda. Mawa ndiwaonetsa eninyumba. Za madzi osefukira sindinaganizeko n'komwe, poti kunja kuli gwaa, fumbi lokhalokha.

Mmisiri wa Njerwa:
Ndi mmene chimapusitsira chigwachi. Madzi amene amativuta kuno kawirikawiri si a mvula yathu. Imagwa kumapiri, ku Mwanza, ku Thyolo, ku Mulanje, ife kuno nyenyezi zili mbee, kenako usiku mtsinje umene unali mchenga wokhawokha wadzaza. Mtsinje wa Mwanza umatero, timitsinje ting'onoting'ono totsika m'mapiri a kumadzulo natonso timatero. Nthawi ya Ana msewu wa M1 unaduka malo angapo, anthu anakhala masiku osakwera ku Blantyre. Ikafika Disembala, satifiketi zanu ndi chiphaso zikhale m'jumbo ya pulasitiki pamalo okwera, ufa ndi makala zikhalepo za sabata, wayilesi muzimvera.

Namwino wa ku Bangula:
Achemwali, inenso ndinachokera kumtunda, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndiye zimene mukumvazo ndikuzidziwa. Thupi lanu silikunama. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Ngabu ali pa mamita pafupifupi 100. Mwezi uno ndi wa mawa kutentha kumadutsa madigiri 40. Thupi limatenga sabata ziwiri kapena kuposerapo kuti lizolowere, ndiye musadziyese wofooka.

Imwani madzi musanamve ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri kapena wochepa, madzi akuchepa m'thupi. Mutu ukamawawa, chizungulire, kufooka, khalani pamthunzi, dzithireni madzi, imwani Thanzi. Sungani mapaketi awiri m'nyumba. Koma thupi likatentha musamangoti ndi dzuwa, pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo. Anthu ochokera kumalo ozizira ngati kwanu malungo a kuno amawagwetsa msanga. Neti ndi lamulo, chaka chonse, kaya kwatentha bwanji.

Za madzi amchere: kuwiritsa sikuchotsa mchere, mankhwala a klorini sachotsanso. Mcherewo uli m'nthaka momwemo. Chodabwitsa n'chakuti mjigo uwu ukhoza kukhala wamchere, wina woyenda mphindi khumi n'kukhala wabwinobwino. Anthu a pamalopo amaidziwa yonse ndi mayina ake. Amcherewo muzikolopera ndi kutsukira mbale, akumwa ndi ophikira nyemba muzitunga kwabwinoko kapena pampopi. Mukatunga thiranimo klorini, alangizi a zaumoyo amakhala naye. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale kuno. Ndipo kaya kutenthe chotani, musakasambe mumtsinje kapena m'ngalande za mumzimbe. Kuli likodzo, ku Shire kuli ng'ona.

Wa Kabaza pa Siteji:
Madamu, za madzizo musavutike kusenza. Alipo anzathu amene amanyamula zigubu panjinga m'mawa uliwonse kuchokera kumijigo yabwino. Mupeze mmodzi wokhulupirika, muzimulipira pasabata. Afunseni amayi a papuloti amene amawatungira. Usiku tulutsani matiresi panja, mumange neti pakhonde. Tonse kuno timagona panja mwezi uno.

Mlongo wa ku Dyeratu:
Achimwene, apo pokha ndikana. Inu ndinu bambo. Uyu ndi mtsikana wokhala yekha, wafika sabata yatha, tauni yonse ikudziwa kuti pabwera mphunzitsi watsopano. Musamuuze zogona panja yekha. Ine ndinagonapo panja ndili ndekha, ndinadzuka foni ndi nsapato palibe, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti zinathera pomwepo.

Mayi a ku Nchalo:
Nonse mukunena zoona. Kugona panja timagona, koma timagona pagulu, amayi mbali yawo ndi ana, mkati mwa mpanda. Ngati amayi a papulotipo amayala panja, mwana wanga apemphe kuyala pambali pawo, chitseko akhome, kiyi amange pachitenje. Ngati sagona panja, akhale m'nyumba, anyowetse chitenje adzifunditse. Ndipo m'mawa azikutumula nsapato asanavale, zinkhanira zimakonda kubisalamo.

Kalaliki Wakale:
Ine ndinena mosabisa. Ndinagwirako ntchito kumeneko zaka ziwiri, sindidzabwererako. Musagule katundu wambiri. Yambani lero kulemba kalata yopempha kusamutsidwa. Kumeneko ndi kokhala eni ake okha.

Mwana wa ku Nsanje:
Bambo, mawu amenewa ndi amene amatipweteka ife. Munthu wapempha nzeru zokhalira, inu mukumupatsa nzeru zothawira. Mukudziwa zimene zimachitika kusukulu zathu? Mphunzitsi amafika mtima uli kale pa basi, chaka chisanathe wapita, ana a Sitandade 8 n'kutsala ndi mphunzitsi mmodzi wogwira makalasi awiri. Kenako anthu omwewo azidzati ana a kuchigwa sakhoza mayeso. Ine ndinaphunzitsidwa ndi mayi wina wochokera ku Mzimba amene anakhala kwathu zaka zoposa khumi, Chisena ankachiyankhula kuposa ine. Popanda mayi ameneyo bwenzi pano ndikuweta mbuzi za eni.

Ndiponso mumayankhula ngati kuno kulibe kanthu koma dzuwa ndi madzi osefukira. Shuga amene mwathira mu tiyi m'mawawu mwina wachokera ku Nchalo. Ng'ombe zambiri zimene zimaphedwa ku Blantyre zimakwera phiri kuchokera kuno. Thonje, chitowe, mapira, mchewere, timalima ife. Pamene kumtunda minda ili gwaa, ife m'madimba a m'mbali mwa Shire tikukolola chimanga, mbatata ndi nyemba. Magetsi ena amene mukuwerengera uthengawu akuchokera pa Kapichira, m'boma la Chikwawa, ndipo ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yayambira pomwepo. Aphunzitsi, mukakhazikika mudzawatengere ana anu ku Lengwe akaone nyala, ndi pafupi ndi inu. Ambiri mwa anawo anabadwira m'mphepete mwa nkhalangoyo koma sanalowemo.

Kalaliki Wakale:
Sindinanyoze munthu, achimwene. Mwana wanga anadwala malungo katatu chaka chimodzi tili kumeneko, kachitatuko tinatsala pang'ono kumutaya. N'chifukwa chake ndimayankhula chonchi.

Mwana wa ku Nsanje:
Pepani bambo, zimenezo sindimadziwa. Ululu umenewo ndi weniweni, ifenso taika ana ambiri chifukwa cha malungo. Koma mlongoyu wafika kale, tiyeni timuthandize kukhala bwino.

Gogo Wopuma Ntchito:
Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera, maso anafooka. Ndaphunzitsa zaka zambiri m'chigwa muno, tsidya lino ndi tsidya la kum'mawa, ku Livunzu mpaka ku Muona. Aphunzitsi, zonse akuuzanizi n'zabwino, koma zimene zikukulizani madzulo si malata ayi. Mukulira chifukwa palibe amene akukudziwani dzina.

Chitani izi. Pemphani ahedi kapena wapampando wa komiti ya sukulu akuperekezeni kwa nyakwawa ya mudzi umene mukukhalamo. Mukagwade, munene kwanu, munene ntchito yanu. Zimaoneka zachikale kwa inu achinyamata, koma tsiku limene mudzadwale usiku, kapena wina adzakuvutitseni, mudzakhala munthu wa mfumu, osati mlendo wongodutsa. Maliro akachitika pafupi, musadikire kuti mumudziwe womwalirayo. Valani chitenje, tengani kambale ka ufa kapena kandalama ka chipepeso, mukakhale ndi amayi anzanu, mutunge nawo madzi. Kuno munthu amamuwerenga pamaliro. Kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu mukaperekenso kalata msanga.

Ndipo phunzirani moni wa eni dziko. Ngabu ndi posakanikirana, Amang'anja ndi Asena. Chimang'anja simuvutika nacho, ndi chimodzimodzi ndi chanu, kusiyana pang'ono. Kwa Asena yambani ndi "muli tani". Akakuchitirani chabwino nenani "takhuta", ndiye zikomo wawo ameneyo, sakunena za m'mimba. Ana ang'onoang'ono a Sitandade 1 ena amabwera ndi Chisena chokhachokha cha kunyumba. Mukawalankhula mawu awiri atatu m'chinenero cha amayi awo, amakutsegulirani mtima, ndipo madzulo nkhani imafika kwa makolo. Akakupatsani nsima ya mapira musayang'ane kufiira kwake, idyani, ndi mlamba wowamba imakoma zedi ndipo imakhalitsa m'mimba. Mukamva ulimba ukulira kwinakwake, pitani mukaone. Mukamva anthu akutchula Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi, kapena mfumu yaikulu Lundu, mvetserani mwaulemu ngakhale chipembedzo chanu chili china. Ndi mbiri ya anthu amene mukuwaphunzitsira ana.

Mphunzitsi Watsopano:
Agogo, ndawerenga kawiri. Mwandigwira pamtima penipeni. Mayi wa khomo loyandikana nane wandipatsa moni masiku onsewa, ine ndimangoyankha n'kulowa m'nyumba. Mawa ndikakhala nawo pamkeka. Funso lotsala ndi la ndalama. Mnzanga wina akuti nditenge ngongole ndigule firiji ndi fani, akuti popanda zimenezo kuno sindikhalitsa.

Mayi a ku Nchalo:
Firiji ya ngongole mwezi woyamba? Ayi mwana wanga. Mudzakhala ndi madzi ozizira, m'mphika mulibe ndiwo. Ndaona aphunzitsi ndi anyamata a kumzimbe ambiri atamangidwa ndi katapira chifukwa cha sofa ndi firiji, malipiro akangolowa onse apita kwa mwini ngongole. Mwezi uno: mtsuko, neti yachiwiri ya alendo, loko wanuwanu wa pachitseko, mphasa za kudenga, thumba la makala, ufa. Mwezi wa mawa bedi, kuti matiresi achoke pansi mvula isanayambe. Mipando idzabwera, mlendo wa kuno amakhala pamkeka osadandaula. Mukazolowerana ndi aphunzitsi anzanu mulowe chipereganyu kapena banki mkhonde, firijiyo idzatuluka mmenemo.

Mlongo wa ku Dyeratu:
Fani yokha ndiikira kumbuyo, amayi. Koma agule yotchaja ija, kapena ya kasola, chifukwa magetsi akathima pakati pa usiku ya pakhoma ilibe ntchito. Komanso afunse za mita. Ngati mabanja atatu akugwiritsa mita imodzi, agwirizane poyera kuti aliyense aziponya zingati za mayunitsi ndiponso liti, alembe m'kope. Mapuloti ambiri anthu anasiya kuyankhulana chifukwa cha mayunitsi ndi ndondomeko yokolopa kubafa. Lendinso polipira azisayinirana ndi eninyumba m'kope lomwelo.

Namwino wa ku Bangula:
Ndiwonjezere za ndiwo, poti popanda firiji muzigula za tsiku limodzi. Nyama ya ng'ombe ndi ya mbuzi pa Ngabu sisowa, koma gulani m'mawa, muphike nthawi yomweyo. Chakudya chogona kuno chimasasa msanga, mukaphika nyemba madzulo muziwiritsenso musanagone ndi m'mawa. Nsomba zouma, mfutso ndi chigumu cha pamsika zidzakuthandizani masiku opanda ndalama. Ndipo mukadzakwera ku Dedza pa holide mudzatibweretsere kachewere, ife tidzakupatsani malambe ndi masau.

Mphunzitsi Watsopano:
Abale anga, papita masabata asanu, ndabwera kudzakuuzani mmene zilili. Mphasa zinakhomedwa, mwamuna wa mayi woyandikana nane ndi amene anakwera, anakana kulandira kanthu, ndinangowaphikira tiyi. Kutentha kulipo koma tsopano ndimagona. Mng'alu uja eninyumba anaumata, Bambo Mmisiri, ndipo ndalembapo kachizindikiro ndi pensulo monga munandiuzira ku inbox kuti ndione ngati ukukula. Amayi a pamjigo akuti pamene tilipa madzi a Freddy sanalowe m'nyumba, anathera kumunsi kwa msewu. Malungo anandigwira sabata yachitatu. Ndinapita kukayezetsa m'mawa womwewo, ndinamwa mankhwala a malungo a LA masiku atatu, ndipo masiku onsewo phala linkachokera khomo loyandikana nalo.

Kwa nyakwawa ndinapita ndi ahedi. Sabata yapitayi kunagwa maliro kuseri kwathu, agogo ena aakazi amene sindinawaonepo ali moyo. Ndinavala chitenje, ndinapita. Poyamba ndinakhala kumapeto, osadziwa chochita. Kenako mayi wina anandipatsa ndowa, tinapita kumjigo maulendo anayi. Pobwerera ulendo womaliza ndinamva wina akufunsa kuti kodi ameneyu ndi mwana wa ndani, mnzake n'kuyankha kuti "ndi aphunzitsi athu a pa nimu paja". Usiku umenewo ndinaimbira foni amayi ku Dedza, ndinawauza zonse, ndi za misozi zija zomwe.

Dzulo kwagwa mvula yoyamba, ya mphepo. Denga likudontha pakona imodzi, ndatchera beseni. Matope a makande ndawaona tsopano, nsapato imodzi inatsalira m'njira ya kusukulu, mwana wa Sitandade 4 ndi amene anakandizulira. Bedi afika nalo Loweruka pa ngolo. Tsono amayi a papuloti andigawira kachigawo kuseri kwa bafa, mizere isanu yokha, akuti ndibzalepo kanthu. Pa dothi lakudali chimene chingamere bwino n'chiyani?

Mayi a ku Nchalo:
Therere lobala ndi khobwe, mwana wanga, zimapirira dzuwa. M'mphepete muponyemo nthanga za maungu kuti muzithyola nkhwani. Koma yambani mwamanga kampanda ka minga, mbuzi za pa Ngabu sizigona.

Gogo Wopuma Ntchito:
Mubzalenso kamtengo kamodzi ka nimu kumadzulo kwa nyumbayo, kumene dzuwa la masana limamenya khoma. Muwapemphe kaye eninyumba. Mbande zimamera zokha pansi pa mtengo umene mumakhalapowo, zulani imodzi nthaka ikadali yonyowa.